Abusa akuti ndikapita ku Mkaika ndidzafunika delivarensi

Kalata iyi inafika pa imelo Lachiwiri usiku, ndipo ndinaiwerenga katatu ndisanagone. Wolemba ndi mayi wachitsikana wa kuno ku Chipata, woimba kwaya, dzina ndasunga. Amayi ake, amene maondo ayamba kuwavuta, amupempha kuti awaperekeze ku Kulamba, mwambo wa Achewa wochitikira ku Mkaika kwa mfumu yawo yaikulu Kalonga Gawa Undi, mu Ogasiti. Abusa ake alengeza pa guwa kuti aliyense wopita ku Mkaika, akabwerako asakhudze maikolofoni mpaka atamuchitira delivarensi. Funso lake ndi lakuti, amvere ndani, amayi kapena abusa?

Mlongo wanga, mwandikanda pachilonda. Ndimafuna ndikuyankheni mizere itatu basi, koma zala zakana. Mundipirire, ndiyambira kutali.

Ine ndinawotchapo ng'oma. Nkhaniyi sindinailembepo pano, ndipo abale anga ena aimva koyamba lero.

Ndinali giredi 11, pa sukulu yogonera konko imene sinditchula. Inali nyengo ija a Chiluba atalengeza, pa 29 Disembala 1991, kuti Zambia ndi dziko lachikhristu, ndipo kubadwa mwatsopano kunali kutagwira m'masukulu ngati moto wa tchire mu Okutobala. Tinkakumana kuseri kwa makalasi usiku, kupemphera mpaka mawu kusasa, Lachitatu lililonse kusala kudya (kusalako sikunali kovuta, nyemba za pasukulu paja zinali ndi anankafumbwe ochuluka kuposa nyembazo). Tsiku lina kunabwera mbale wina wa ku Kopala, jekete yake yonyezimira, Baibulo lake la zipi. Anatiuza kuti chimene anthu a kum'mawa timangokhalira alonda ndi osesa m'nyumba za anzathu mu Lusaka ndi maguwa a makolo athu. Anati m'nyumba iliyonse muli kanthu kamene chiwanda chimakhalira, ndipo kanthuko kakapanda kupsa, banja lonse silidzaona zabwino. Asanamalize n'komwe, m'maso mwanga munali mutabwera kale mbalule, ng'oma ya gule ya ambuya.

Ambuya aamuna, obala amayi anga, anali mkamwini m'mudzi wa ambuya aakazi, ku Katete cha ku njira ya ku Chadiza. Anali munthu wa kudambwe, anagula njira ali mnyamata, ndipo pa mzinda wonse uja panalibe woimba mbalule ngati iwo. Odziwa gule akudziwa kuti mbalule ndiyo imalankhula ndi chilombo, mapazi a chilombo amatsata iyo, ng'oma zinazo zimangoyala mphasa. Analinso mmisiri wa mitondo, mipini ndi zitseko. Mabenchi onse a m'tchalitchi cha m'mudzimo anapala ndi iwo, osalandira ngakhale ngwee imodzi, poti akazi awo anali mayi wa yunifomu, wosajomba Lachinayi. Lamulungu lililonse ankawaperekeza mpaka pa mtengo wa mango wa pafupi ndi tchalitchi, n'kukhala pansi kumasema mpini, kudikira kuti mapemphero athe. Nyimbo za m'buku ankazidziwa zonse. Kalasi ya ubatizo analowapo kawiri, koma likafika funso losiya kudambwe ankangoti, "Odzandiika m'manda ndi anzangawa, ndiwasiye bwanji?" Fizi yanga ya sukulu inkachokera m'thonje ndi nshawa zawo.

Pa tchuthi cha Ogasiti ndinafika kumudzi ndi mnzanga wa m'gulu lathu la mapemphero. Tinadikira kuti apite kudimba. Ng'oma ija tinaitulutsa, kupita nayo kuseri kwa nkhokwe, kuithira palafini wa m'koloboyi ya ambuya aakazi, n'kuyatsa, uku tikudzudzula ziwanda m'Chingerezi, poti tinkaona ngati ziwanda zimaopa Chingerezi. Phula la pakati pa chikumba linasungunuka, fungo lake ndimalimvabe.

Anatipeza utsi ukadali tolo. Anaika khasu pansi. Sanakalipe. Anayang'ana phulusa lija nthawi yaitali, kenaka anati, "Mphwanga," poti ankanditchula choncho, "Mulungu wakoyu amaopa mtengo ndi chikumba cha ng'ombe?" Ndinawayankha ndi vesi, limene lero sindilikumbuka. Madzulo ake anandiitana kudzadya nawo mbale imodzi monga mwa masiku onse, ndiwo zake mbewa zokumba okha, n'kundisankhira kapuku wonona. Mu Januwale fizi inabwera yonse.

Anamwalira patapita zaka zitatu, m'dzinja, chimanga chili m'maondo. Akulu a mpingo anakhala pansi pa mtengo wa mango womwe uja n'kugamula kuti malemuyu sanali wathu, zilombo zikabwera kwaya isaimbe, amayi asavale yunifomu, mlaliki asaime. Mwa malamulo awo analondola, ndisawanamizire. Koma amene anali m'siwa, pamphasa pafupi ndi mtembo, anali mayi amene anasesa tchalitchi chija zaka zoposa 40, amene anaphika pa maliro a aliyense wa akuluwo. Anzawo anabwera ndithu, m'zitenje wamba, n'kukhala duu ngati alendo odutsa. Usiku Kasiyamaliro anabwera. Mbalule imene inalira usiku umenewo inali yobwereka ku mudzi wina, poti ya mwini maliro ndinali nditaiwotcha ine.

Pakati pa usiku ng'oma zitapumira, ambuya aakazi anayamba okha nyimbo ya m'buku, ndi mawu awo onjenjemera aja. Ndime yoyamba anaimba okha. Yachiwiri amayi awiri atatu anavomera chapansipansi, akuyang'ana kukhomo. Pofika yachitatu, amuna a kunja pamoto, a kudambwe, ena a iwo osapondapo m'tchalitchi chibadwire, anathira besi. Ine wobadwa mwatsopano ndinali nditakhala pandekha kuseri kwa khola, nditakana nsima ya pamaliro kuti ndi ya ziwanda, m'mimba mukulira.

Mwezi wotsatira ambuya anawaimitsa mgonero miyezi 6 chifukwa anafulula mowa wa kumeta. Ankapitabe Lamulungu lililonse, kukakhala pa benchi la kumbuyo, lopala amuna awo.

Chaka chatha ndinakapemphera m'tchalitchi chomwecho. Muli ng'oma zitatu, kiyibodi, ndi sipika yaikulu ngati nkhokwe yoyendera sola. Kwaya ya amayi ikuponya mapazi a chitelele chenicheni, chija tinkavina kukawala mwezi, mawu okha ndiwo asintha. Abusa nawo akugwedeza mapewa. Palibe amene anandiuza kuti chikumba cha ng'ombe chinabatizidwa liti.

Apa ndiye mtima wanga umayamba kutentha, choncho mundilole ndiziziritse ndi mbiri pang'ono, chifukwa mkangano wanu ndi abusawu ndi wakale kuposa tonse atatu. Amishoni a Chidatchi anamanga msasa pa Magwero mu 1899, patangopita chaka chimodzi Angerezi atagonjetsa Angoni a Mpezeni n'kupha Nsingo mu 1898. Ine sindili m'gulu la otukwana amishoni. Sukulu ya akhungu ya ku Magwero, zipatala za Nyanje, Minga, Mwami ndi St Francis ku Katete, ambiri a ife tinabadwira kapena kuchirira m'manja mwa mipingo. Koma sukulu ya mishoni ndi dambwe zinkalimbirana anyamata omwewo, pa msinkhu womwewo. Mphunzitsi akuti bwera udzaphunzire a e i o u, akulu a mudzi akuti bwera udzamve mwambo. Palibe anafuna kugonja. A gule anabwezera mwa njira yawo, ndi chipongwe: ndiko kunachokera zilombo zonga Simoni wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, ndi Maliya. Boma la atsamunda linaletsa Kulamba mu 1934, ndipo mwambowo unadzayambiranso mu 1984, patapita zaka 50 zathunthu. Nc'wala ya Angoni inazima kuyambira pa kugonja kuja mpaka 1980. M'zaka zimenezo mibadwo iwiri inakula ikudziwa kuti munthu wophunzira ndi amene amachita manyazi ndi za kwawo.

Komatu akhristu oyamba aja, azungu ndi akuda omwe amene ankamasulira nawo, sanali opusa ngati ine wa giredi 11. Pomasulira Baibulo sanabwere ndi dzina la Mulungu m'sutikesi. Analipeza kuno. Mawu akuti Mulungu, nsembe, wansembe, mzimu, onsewa makolo ankawagwiritsa ntchito kale. Kachisi amene timawerenga kuti anamanga Solomo, liwulo linali la kanyumba kaudzu kothirirako nsembe yopempha mvula. Buku Lopatulika la 1922 ladzaza ndi mawu otere, ndipo Buku Loyera la 1998 linafika potenga dzina lakuti Chauta n'kuliika pamene lakale lija linkati Yehova. Poona kuti chinamwali sichingafe, mipingo inayambitsa chilangizo chake, alangizi ake ndi amayi a mumpingo momwemo. Akatolika, utatha msonkhano waukulu wa ku Vatican wa 1962 mpaka 1965, analowetsa ng'oma ndi nthungululu mu Misa, ndipo kutsidya ku Mua, ku Malawi, Bambo Claude Boucher anatsegula malo a zachikhalidwe a Kungoni mu 1976 n'kuyamba kusonkhanitsa zigoba za gule ndi matanthauzo ake pabwalo la mishoni penipeni. Funso limene ambuya anandifunsa kuseri kwa nkhokwe, ena anali ataliyankha kale ine ndisanabadwe. Mbale wa jekete yonyezimira uja anali asanamve, basi.

Chimene chasintha masiku ano n'chakuti mantha abwerera, ndipo abwerera kudzera pa guwa. Mmishoni wakale ankati za makolo n'zachabe, zisiyeni. Mneneri wa lero, uja amamutcha papa, akuti za makolo n'zamphamvu koopsa, zikukutsatani, zamanga mimba yanu, zakwirira satifiketi yanu, zagwira viza yanu. Ndinene mosabisa: abusa ambiri a m'makomboni mwathumu amakhulupirira mphamvu ya mizimu kuposa mmene ambuya anga a kudambwe ankaikhulupirira. Kwa ambuya, mizimu ya makolo inali ngati akulu a pamudzi, okuyang'anira, okwiya ukawaiwala, opepeseka ndi kaufa ndi kamowa. Mukhoza kunena kuti analakwitsa, ndipo ine monga mkhristu sindithira nsembe kwa akufa. Koma sankagona akunjenjemera. Mdzukulu wawo wa mu Mchini kapena mu Nabvutika, amene ali ndi Baibulo pa foni, ndiye sagona. Akalota kumudzi, mawa ali pa mzere wa delivarensi. Kadzidzi akalira, wayamba kale kuwaza mafuta pazenera.

Ndipo taonani zida zake. Kale munthu ankapita kwa sing'anga, kuombeza ula, kuuzidwa kuti wakulodza ndi uje, kupatsidwa nsupa ndi chithumwa, kusiya nkhuku. Lero akupita ku ovanaiti, kuitanidwa kutsogolo, kuuzidwa kuti pali mayi wina wokalamba kumudzi kwanu, kugula kabotolo ka mafuta ndi sitika ya nkhope ya papa yomata pachitseko, kubzala mbewu pa foni. Chasintha n'chiyani, kupatula suti ndi mtengo wake? Ndipo mayi wokalamba uja ndi munthu weniweni. Ali ndi dzina, ali ndi nyamakazi, ankadikira kathumba ka shuga pa Khirisimasi. Tsopano adzukulu ake a m'tauni anasiya kumuyankha foni, ena afika pomuloza chala pamaso pa mudzi. Ndikudziwa nyumba zitatu zotere, ndipo imodzi ndi ya pachibale pathu. Chibale ndi fupa sichiola, amatero akulu, koma ulosi wa mphindi ziwiri ukuliphwanya fupalo.

Sindikuti njala ya machiritso ndi yabodza. Anthu akudwala, ntchito kulibe, maukwati akuvuta, ndipo mipingo yakale nthawi zambiri inkangoyankha ndi ndondomeko ya mapemphero ndi lipoti la ndalama. A Milingo, mwana wa kwa Mnukwa konkuno, anaona njala imeneyi ali bishopu wamkulu wa Lusaka, anthu n'kumakhamukira ku mapemphero awo a machiritso mpaka anaitanidwa ku Rome mu 1982. A Reformed nawo anakokana pa nkhani ya malilime ndi kutulutsa ziwanda mpaka ena anatuluka n'kuyambitsa mpingo wa BIGOCA mu 2001. Ndiye nkhaniyi si ya ana. Ine ndimakhulupirira kuti Mulungu amachiritsa, ndipo ndinaonapo. Chimene ndikukana ndi uthenga umene umasiya munthu ali wamantha kuposa mmene unamupezera, n'kumuuza kuti abwerenso Lachisanu ndi envulopu.

Chinanso chimandiseketsa, kuseka kwa mkwiyo. Tikati mpingo usiyane ndi chikhalidwe, timanena chikhalidwe cha ambuya chokha. Cha ena chimalowa mpaka ku guwa osafunsidwa chitupa. Suti ya zidutswa zitatu mu Okutobala, thukuta lili kamukamu, palibe vesi lake. Keke ya nsanjika zisanu, diresi ya mchira, operekeza 12 amene ayeserera masitepe a amapiano miyezi itatu, zonsezo ndi ukwati woyera. Mnyamata amene wapereka chimalo, ankhoswe a mbali zonse agwirizana, mudzi wonse wadya nkhuku, ameneyo akuti sanakwatire, akungokhala m'tchimo mpaka atapeza ngongole ya holo ndi magalimoto. Ndinaona banja lina likubweza ngongole ya ukwati mwana woyamba ali giredi 2. Ku kitchen party, amayi a mumpingo omwewo amene Lamulungu amanyansidwa ndi chinamwali, Loweruka amatseka geti, kuitana woimba ng'oma, n'kumuphunzitsa mkwatibwi kudula chiuno ndi nyimbo zomwezo za kutsimba. Sindikuwadzudzula, mwina akuchita bwino. Ndikungoti tisamanamizane kuti tinasiya.

Nanga andale? Chaka cha masankho chikafika amadzaza mabenchi akutsogolo, kupatsidwa maikolofoni yomwe ija akukuletsani inu, kusiya envulopu ya malata a tchalitchi, mpingo n'kuimirira kuwomba m'manja. Ndalamayo palibe amaifunsa kumene yachokera. Sindinamvepo abusa akulengeza kuti wobwera ku msonkhano wa chipani, kumene anthu amatukwanizana ndi kugendana, ayambe wachita delivarensi asanaimbe kwaya. Takhala dziko lachikhristu pa pepala kuyambira 1991, mawuwo analowa m'malamulo aakulu a dziko mu 1996, tili ndi tsiku la mapemphero pa 18 Okutobala kuyambira 2015, koma wodwala amauzidwabe kuti akagule yekha mankhwala, ndipo feteleza wa alimi osauka amathera m'mashopu. Ziwanda zimenezo sizivala nthenga, n'chifukwa chake sitiziona.

Koma tisanamizane

Ndaika kamutu apa kuti a chikhalidwe asayambe kundiwombera m'manja msanga. Gule ali ndi zonyansa zake, ndipo amene tinakulira kumudzi tikuzidziwa. Ndinathamangitsidwapo ndi chilombo cha chikwapu ndikuchokera kusukulu, ndili giredi 3, mpaka kutaya sileti ndi nsapato imodzi. Anzanga awiri analowa kudambwe pakati pa temu, osabwereranso m'kalasi. Nyimbo zina ndi zotukwana zoti sungaimbe pamaso pa apongozi. Kuli midzi imene munthu wosagula njira amagwidwa mokakamiza chifukwa wadutsa polakwika. Kutsimba nako, kamtsikana ka zaka 13 kankauzidwa zinthu za m'nyumba ya banja, n'kutuluka kakudziona ngati mayi, chaka chosatha kali ndi mimba. A UNESCO analemekeza Gule Wamkulu mu 2005 monga chuma cha anthu a Malawi, Mozambique ndi Zambia, zoona, koma satifiketi ya ku Paris siyeretsa chikwapu. Pa zimenezi mpingo unalondola kukana, ndipo a Gawa Undi eni ake akhala akudzudzula maukwati a ana ndi kutengera ana asukulu kudambwe. Lamulo la 2023 linatseka pakamwa aliyense: ukwati wa munthu wosakwana zaka 18 ndi wosavomerezeka, ngakhale wa pachikhalidwe.

Ndipo mukanandifunsa kuti mkhristu agule njira, yankho langa likanakhala lina. Kumeneko kuli malumbiro, kuli zinsinsi, kuli zimene amanena za zilombo ndi akufa zimene ine sindingazigwirizanitse ndi chikhulupiriro changa. Mapanga awiri avumbwitsa. Ambuya anga anaona zimenezi bwino kuposa ambiri, n'chifukwa chake anakhala pansi pa mango m'malo monama pa ubatizo. Ndimawalemekeza pa chimenecho kuposa akulu ena a mpingo amene ndikuwadziwa, masana tayi, usiku kudambwe.

Koma inu simunafunse zimenezo. Mwafunsa za Kulamba, ndipo ndikukayika ngati abusa anuwo anapondako. Kulamba ndi tsiku limene mafumu a Achewa a m'maiko atatu amabwera kwa Kalonga Gawa Undi kudzapereka ulemu, mphatso, ndi kunena mmene anthu awo akukhalira. Limachitika Loweruka lomaliza la Ogasiti. Maina atatuwo ali ndi ntchito zake: Kalonga ndi wolonga mafumu, Gawa ndi wogawa malo, Undi ndi wofungatira anthu ake. Mfumu ikamalowa ndi anthu ake, khamu likuti "Yooo Gawa!", pambuyo pake gule wa kwawo. Chaka chimene ndinapita ine, mwambo unatsegulidwa ndi pemphero la mbusa wa kolala, kenaka nyimbo ya fuko, kenaka zolankhula zazitali zoti munthu n'kuwodzera. Mu 2007 kunakhala apulezidenti atatu pamodzi, a Mwanawasa, a Bingu wa Mutharika ndi a Guebuza. Makampani a mafoni amagawa masikipa, amayi akugulitsa vitumbuwa ndi nzimbe, anamwali akuvina, Makanja akudutsa pamwamba pa mitu ya anthu, fumbi lili koboo. Theka la khamulo mawa lake limakhala m'tchalitchi. Zoopsa zenizeni za ku Mkaika ndi mowa, opisa m'matumba, ndi madalaivala a minibasi othamangira kubwereza ulendo.

Angoni anzanga musaseke, nkhani yanu ndi yomweyi. Mu Febuluwale ku Mtenguleni kumakhala madikoni angati atavala zikumba, nthungo m'manja, akufuula "Bayethe"? Ng'ombe yakuda ija ikabayidwa, Nkosi yamakhosi n'kulawa magazi, nyama yake mumaikana? Ansenga ndi Tuwimba wanu, Akunda ndi Malaila, chimodzimodzi. Koma pazifukwa zina chikumba cha nyalugwe chimaoneka chaulemu pa Facebook, pamene chigoba cha Mchewa ndiye Satana weniweni. Pamenepa pali kachinthu kena kosakhudza Baibulo, ka kunyozana mitundu, koma ndikakayamba sitimaliza lero.

Muli munthu m'Baibulo amene anafunsa funso lanu lomweli. Werengani 2 Mafumu 5. Namani atachira khate, analonjeza kuti sadzapembedzanso mulungu wina. Kenaka anakumbuka ntchito yake: mbuye wake, mfumu ya Aramu, polowa m'nyumba ya fano lotchedwa Rimoni ankatsamira pa dzanja lake, ndipo mfumu ikawerama nayenso ankayenera kuwerama. Anamuuza Elisa zimenezi poyera. Elisa sanamuitanire delivarensi. Anamuuza kuti apite mumtendere. Iyo inali nyumba ya fano yeniyeni, inu mukungopita pabwalo la mfumu, ndipo wotsamira pa dzanja lanu ndi mayi amene anakuberekani. Paulo pa 1 Akorinto 10 akuti nyama ya pamsika idyani osafunsafunsa, dziko lapansi ndi la Ambuye ndi zonse zili momwemo, koma wina akakuuzani kuti iyi ndi ya nsembe, isiyeni chifukwa cha iyeyo. Malire ake ndi amenewo, ndipo ndi omveka. Za matemberero a ku mtundu, Ezekieli 18 anathetsa kale mwambi uja wa atate kudya mphesa zosapsa mano a ana n'kuyayamira. Mateyu anayamba uthenga wake ndi mndandanda wa makolo a Yesu, muli Rahabu, muli Manase wopembedza mafano, osawafufutamo. Ndipo lamulo lolemekeza atate ndi amayi silinalembedwe ndi pensulo.

Ndikudziwa kuti wina andilembera za kusamangidwa m'goli ndi osakhulupirira. Lembani, ndiyankha. Koma muyambe mwandiuza amene anakumba manda pa maliro omaliza a kumudzi kwanu, chifukwa kwathu adzukulu ambiri ndi anyamata a kudambwe, ndipo sindinaonepo mkulu wa mpingo akukana dzenje lawo.

Tsono mlongo wanga, pitani nawo amayi. Abusa muwauze nokha musanapite, mwaulemu, mutatenga mayi mmodzi wamkulu wa mumpingo, asadzamve kwa ena. Mukabwerako akafuna kukupemphererani, gwadani, pemphero silipweteka, koma musalape tchimo limene simunachite ndipo musatulutse ndalama. Akakuchotsani mu kwaya, mudzaimbira pa benchi, ambuya anga anaimbirapo. Ngati mtima wanu womwe, osati wa abusa, ukukutsutsani, Aroma 14 akuti musadzikakamize: afikitseni amayi, muwapezere pokhala, zilombo zikayamba inu mukakhale ku misika.

Nyamukani m'mamawa, pofika 6 koloko mukhale mutadutsa Mtenguleni. Tengani madzi, ambulera, kampando ka amayi, ndi ndalama zing'onozing'ono zoti iwo asupe akafuna. Foni m'kati mwa chitenje, ndipo musajambule chilombo pafupi musanapemphe. Mubwerere dzuwa lisanalowe, msewu umenewu madzulo a tsikulo si wabwino. Ndipo mukaona osema ng'oma ayala malonda awo cha kumsewu, mundifunsireko mtengo wa mbalule.